Msilikali Amene Ndinkamuonera pa Kabowo

Fungo la utsi wa jenereta likandipeza, ngakhale lero lino, msana wanga umayamba kulemera. Si utsi wokha ayi. Ndi utsi wosakanikirana ndi fungo la matabwa a bulugama onyowa ndi mvula, ndi kafungo kofunda ka mkodzo wa mwana pa chitenje, ndi la tiyi wowuma kufakitale limene mphepo inkalitsitsira kumalayini dzuwa likapendeka. Ndikangonunkhiza choncho, basi ndabwerera kuseri kwa vidiyo ya a Nampeya, tsaya langa litagunda thabwa, diso limodzi nditatsinzina, linalo lili pa kabowo, Gifiti akupumira m'khosi mwanga.

Linali dzinja limene ndinali sitandade folo. Mvula inafulumira chaka chimenecho, ndipo tiyi anaphuka ngati wapenga. Ankati ukathyola mzere, pofika kumapeto kumene wachokera kwaphukanso. Amayi ankanyamuka kusanayere bwino, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno, n'kubwera zala zitachita makwinya ndi madzi, m'zikhadabo muli bii. Msana wawo unali wa dengu. Ndiye Gifiti, mlongo wathu amene anali atangoyamba kukwawa, ankafunika msana wina, ndipo msanawo unali wanga. Nthawi yoyeza masamba pa sikelo ndinkapita naye kumunda kuti akayamwe, kenako n'kubwerera naye. Kusukulu ndinkangoonekerako mwa apo ndi apo, mpaka aphunzitsi anasiya kutchula dzina langa.

Atsikana tinalipo awiri. Ine Falesi, ndi Enelesi amene ndinapondana naye. Tinkasiyana chaka chimodzi chokha, msinkhu wofanana, moti alendo ankatiyesa mapasa. Koma msana wa Enelesi unali wouma. Ndinkauyang'ana msana umene uja akamapita kusukulu, diresi lili gwa, lopanda chizindikiro cha dovu kapena cha phala, ndipo pakhosi panga pankamera kanthu kolimba ngati njere ya peyala. Amayi ankaona. Tsiku lina akupukuta mapazi pakhomo anati, "Usatupe, iwe. Ubereka mpaka Nyuwere. Ikadutsa Nyuwere mbeleko ipita kwa Enelesi, nawe upume." Mawu amenewo ndinawasunga ngati switi ya m'tsaya. Ndinkawayamwa pang'onopang'ono kuti asathe.

Abambo anali mlonda wa pageti la fakitale. Anali ndi chikhothi chachitali, jombo, chibonga ndi wezulo ya pachingwe. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Pakhomo ankakhala moyang'ana kunjira, ndipo tikamayenda nawo ankaima kawirikawiri ngati aiwala kanthu. Koma Lamulungu masana, tikachoka kutchalitchi, ankasanduka munthu wina. Amayi ankapita kudambo ndi zochapa za mlungu wonse, iwo n'kupukuta jombo zawo, n'kugwira dzanja la Enelesi, ulendo ku vidiyo. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi Gifiti.

Vidiyo ya a Nampeya inali chisakasa cha matabwa ndi malata akale, pafupi ndi kamsika ka paesiteti, pamene amayi ena ankagulitsa nthochi ndi zigumu. Mkati munali mabenchi ndi wailesi ya kanema pa shelefu, kunja chimkuzamawu chitapachikidwa pa mtengo. A Nampeya anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalinena akuseka, koma sankalisintha: wamwana kumsana salowa. Ankati mwana wina analira filimu yonse mpaka anthu anafuna kuphwanya mabenchi. Ndiye abambo ndi Enelesi ankakweza chiguduli cha pakhomo n'kumezedwa ndi mdima wa mkatimo, ine n'kuzungulira kuseri, kumene jenereta inkaphuphira utsi, pamene mfundo ya thabwa inagwa n'kusiya kabowo kolowa chala chimodzi.

Dzinja limenelo msewu wochokera ku Boma unakumbika ndi madzi, ndipo munthu amene ankabweretsa madisiki anasiya kubwera. Amene analipo anakandika onse, ankangoima pakati nkhope ya munthu itapindika. Inatsala filimu imodzi yokha yoyenda bwino, ndipo inkaonetsedwa Lamulungu lililonse, kawiri, anthu osatopa nayo. Inali ya dziko lina la kumwamba uko, lofiira, lopanda mpweya. Anthu anamangako chinyumba chachikulu cha magalasi n'kulimamo mbewu zobiriwira zofika m'chiuno, zolingana pamwamba, ndendende tiyi wathu. Kenako olimawo anasiya kuyankha wailesi. Ndiye anatumizako asilikali. Pansi pa masamba paja panali chinthu chopanda nkhope, cha zingwezingwe ngati mizu. Chinkagwira mwendo n'kukoka. Masamba ankagwedezeka pang'ono, kenako n'kutsekanso, phee, ngati sipanaime munthu. Womasulira wa m'filimumo, amene ankalankhula Chichewa pamwamba pa mawu a azunguwo, anachitcha Chokoka. Ana a kumalayini tinasiya kudulira njira ya m'tiyi. Ine mpaka lero sindidulira.

Womasulira yemweyo anawapatsa mayina asilikali aja. Wamkulu wawo anali Kaputeni Chibwano. Panali Bazuka, chimunthu cha zipolopolo zozungulira pachifuwa. Panali Sisi Magalasi wa wailesi, ndi ena amene ankafa msanga osapatsidwa n'dzina lomwe. Ndiye panali kamunthu kena kakafupi, kamene womasulira ankakaseka nthawi zonse. "Onani achimwene a Kanjenje, khosi ngati nkhuku yoona mphamba! Kodi anakukakamizani usilikaliwu?" Chisakasa chonse chinkagwedezeka ndi phwete.

Filimu ikatha mpamene ntchito yeniyeni inkayamba. Azibambo ankakhala pa mizu ya mtengo wa mapeyala umene unali pambali pa chisakasacho, n'kuyamba kuweruza asilikali aja mmodzimmodzi, ngati kapitawo akuyendera mizere. A Wisiki, oyendetsa thalakitala yonyamula masamba, ankati vuto ndi mfuti, akanatenga zamoto n'kutentha munda wonse. Ena ankati anapitiranji usiku, bwanji osadikira kuche. Abambo ankadikira onse amalize. Kenako ankaloza pansi ndi kamtengo. Ankati asilikali amenewa amayenda mounjikana ngati mbuzi zopita kodibidwa. Ankati amakuwa kwambiri, munthu wolondera sakuwa, amamvetsera. Ankati Bazuka amaombera masamba mpaka zipolopolo kutha, chinthu osachiona, ndiye mawa adzaombera chiyani, malovu?

"Tamverani a Sikiyuliti," ankatero a Wisiki. "Usilikali wa chibonga. Inuyo Chokoka chitabwera pageti, wezulo mungaipeze?"

"Ine n'kanachimva chisanafike, achimwene. Inu chikanakupezani mukuwodzera pa sitiyalingi."

Anthu ankaseka, ndipo abambo akatero ankatembenukira kwa Enelesi, amene ankakhala pansi atatsamira jombo yawo. "Sajeni Enelesi! Lipoti!" Enelesi ankadzambatuka, dzanja pachipumi, chifuwa patsogolo, n'kuyamba kuyeseza mawu a womasulira uja, mawu a Kaputeni Chibwano, ngakhale kulira kwa Sisi Magalasi. Mwana uja anali ndi pakamwa, zimenezo sindingamumane. Abambo ankaseka mpaka kuoneka pamene panachoka dzino, chinthu chimene kunyumba sitinkachiona. Ankagula chimanga chootcha, n'kumakonola ndi chala chachikulu, n'kumathira m'dzanja la Sajeni. Nanenso ankandipatsa, sindinama, ankanyema kachidutswa n'kutambasula dzanja chakumbuyo. Koma ankapereka osatembenuka. Ine ndinkaima kumbuyo kwa onse, ndikugwedeza Gifiti, uku ndi uku, uku ndi uku, ndikuyang'ana khosi la Enelesi.

Ndinkamuchitira nsanje pa chilichonse. Pa jombo imene ankatsamira. Pa dzina lija la Sajeni. Ngakhale pa fungo, eti. Akatuluka m'chisakasa muja diresi lake linkanunkha thukuta la anthu ambiri ndi fodya, ndipo ndinkamuyandikira dala kuti ndimve mmene mkati mumanunkhira. Ndikamufunsa kuti kodi Chokoka chimaoneka bwanji chikatulukira pakati, ankayankha akutafuna, "Aa, iwe sungamvetse, pamafunika kuona wekha." Ndinkangoti mumtima: Nyuwere ikubwera, mayi. Udzaona wekha mmene kabowo kamawawira diso.

Pa kabowo paja sindinkaona kanema yense. Patsogolo panali mzati, ndipo pambali pa mzatiwo nthawi zonse pankakhala chipewa cha a Wisiki, amene sankasintha malo. Chinkanditsalira ndi kachigawo ka kudzanja lamanja, kotalika ngati chikhatho. Kaputeni Chibwano ndinkamudziwa phewa lokha. Bazuka ndinkamudziwa chigongono ndi moto wa mfuti yake. Chokoka ndinkangochimva ndi kukuwa kwa anthu. Koma m'kachigawo kanga kaja, kumphepete, kumene aliyense sankayang'anako, munkakhala Kanjenje. Asilikali akamayenda, iye ankakhala womalizira, ndiye kanema ankamusiya kumapeto. Ameneyo ndinkamuona yense, kuyambira chisoti mpaka nsapato, Lamulungu ndi Lamulungu, mpaka ndinamudziwa ngati munthu wa pa layini yathu.

Poyamba nanenso ndinkamuseka. Kenako ndinayamba kuona. Anzake akamalowa pa chitseko, iye ankaima pambali n'kumagwira aliyense paphewa, mmodzi, wina, wina, milomo ikugwedezeka, kenako n'kulowa iye n'kutseka. Akamadutsa m'munda muja, iye ankayenda chafutambuyo, maso ali pa masamba amene angodutsa. Wina atagwetsa botolo la madzi, anatola ndi iye, osalankhula. Wina atatsimphina n'kuyamba kutsalira, Kanjenje anachepetsa liwiro kuti wotsimphinayo akhale patsogolo pake. Nthawi yonseyi womasulira ali pa Chibwano, ali pa Bazuka, akamukumbukira ndi pomunyoza basi. Ankanjenjemera ndithu, mfuti inkagwedezeka m'manja mwake, ndinkaona. Koma sanapite kutsogolo kumene kunali anthu ambiri ndi nyali. Ankakhala komweko.

Ndinkamumvetsa chifukwa khosi langa linali litayamba kale kuchita chimodzimodzi. Ukabereka mwana, maso ako amasamukira kumbuyo. Akakhala chete, umapotoloka kuona ngati akupuma. Ukadutsa pa nthambi, umaganiza za mutu wake, osati wako. Galu akakudutsa, sumuyang'ana akamabwera pokha, umamuyang'ananso akapita. Palibe anandiphunzitsa. Gifiti anandiphunzitsa ndi kulemera kwake.

Ndiye linafika Lamulungu la pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere. Mvula inali itagwa m'mawa, dzuwa n'kutuluka laukali, nthaka ikufuka nthunzi. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali anthu ambiri kuposa masiku onse, ena atavala malaya atsopano. Ine mtima unali myaa, chifukwa ndinkadziwa kuti limeneli ndi Lamulungu langa lomaliza la pa kabowo. Abambo anabwera ndi funso latsopano. Anati tiyerekeze kuti ndinu a manejala, geti la fakitale likufuna mlonda mmodzi, ndipo asilikali onse aja abwera kudzafunsira ntchito. Mulemba ndani?

A Wisiki anati Bazuka, akuba akangoona chifuwa chija athawa okha. Ena anati Sisi Magalasi, chifukwa amadziwa kuitana thandizo. Ambiri anati Chibwano. Kenako, "Sajeni Enelesi! Lipoti!" Enelesi anaimirira, anachita sawasha, n'kunena kuti Kaputeni Chibwano, chifukwa saopa, chifukwa amayenda patsogolo, chifukwa ndi amene anatsala wamoyo mpaka kukwera chombo. Anayeseza mmene Chibwano amalavulira asanaombere, anthu n'kuomba m'manja. Mayi wina wa zigumu anati mwana uyu adzagwira ntchito pa wailesi. Abambo anamusisita kumutu.

Dzanja lija pamutu pa Enelesi ndi limene linanditsegula pakamwa. Sindinakonzekere. Ndinangomva mawu anga atatuluka, okwera, onjenjemera.

"Chibwano sadziwa ntchito. Wodziwa ntchito ndi Kanjenje."

Anthu anaphulika ndi phwete. A Wisiki anachita kugwira chipewa. "Kanjenje? Amene anafa osaombera ngakhale kamodzi? Mwana wa a Sikiyuliti, utsi wa jenereta wakulowa m'mutu!"

"Iyeyu saona n'komwe," anatero Enelesi. "Amangosuzumira kuseri."

Apo ndiye ndinayankhula ngati madzi a mumfoleni, osapuma, Gifiti akudumphadumpha kumsana. Ndinati Chibwano sanatembenukepo ngakhale kamodzi, anthu ake akutha m'mbuyo iye osadziwa. Ndinati Kanjenje amagwira aliyense paphewa pa chitseko chilichonse, amadziwa amene alipo ndi amene palibe. Ndinati nthawi yonse imene Kanjenje anali kumbuyo, Chokoka chinkatenga okhawo opatuka pamzere, a mumzere sichinawakhudze. Ndinati pa chitseko chomaliza chija, chimene chinkakana kutsekeka, sanagwidwe chifukwa chopusa ayi, anatuluka yekha kukachikankha chakunja, ndinamuona ndi diso langali, anayang'ana anzake kaye koma palibe anamuyang'ana. Ndipo atangopita iye, enawo anayamba kutha ngati nkhuku za chitopa. Ndinati mpaka chombo kunyamuka palibe anafunsa kuti Kanjenje ali kuti. Palibe! Pomaliza ndinali ndikulira, kaya ndinkalirira Kanjenje kaya ndani.

Anthu ena anapitiriza kuseka, koma abambo sanaseke. Kamtengo kaja kanali katagwa m'dzanja lawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kumaso, osati kumsana kumene kunali mwana. Kenako jenereta inalira, a Nampeya akuyamba chionetsero chachiwiri, ndipo abambo anaimirira. Ndinkayesa alowa pakhomo. Koma anazungulira kuseri. "Pali pati?" anandifunsa. Ndinaloza. Munthu wamkulu uja, ndi thalauzi lake la kutchalitchi, anagwada m'matope pafupi ndi jenereta, anavula chipewa, n'kugunditsa tsaya pa thabwa langa.

Anakhala pomwepo filimu yonse. Utsi unkawapita kumaso, osasuntha. Ine ndinaima pambali pawo, Enelesi ataima patali pang'ono, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi, osadziwa chochita ndi manja ake. Ndikuuzeni zoona, ola limenelo linali lokoma kuposa Khirisimasi. Ndinkamuyang'ana Enelesi n'kumati mumtima, ima pomwepo, imva mmene kumakhalira kumbuyo. Ndinkadziona kale nditakhala pa benchi, nditatsamira jombo, ndikuitanidwa Sajeni, mwina Kaputeni kumene.

Filimu itatha abambo anadzuka movutikira, mawondo ali matope okhaokha. Diso limene linali pa kabowo linali lofiira, likuchucha, koma linalo nalonso linali lonyowa. Anaika dzanja pamutu panga. Linali lolemera, lofunda, lonunkha chimanga chootcha. Ananena mawu amodzi okha a Chilomwe, amene ankawasungira nthawi ya matenda: "Mwanaka," kutanthauza mwana wanga. Pobwerera kunyumba sanagwire dzanja la Enelesi. Anatiuza tonse titsogole, iwo n'kumabwera m'mbuyo.

M'mawa wa Nyuwere ndinadzuka ndisanadzutsidwe. Ndinasesa pakhomo, ndinatunga madzi, ndipo ngakhale mbeleko ija ndinali nditaichapa dzulo lake kuti Enelesi asapeze chonamizira. Amayi anamusambitsa Gifiti, anamudzoza mafuta, n'kuitana, "Enelesi, bwera utembenuke." Enelesi anabwera akukoka mapazi, milomo itatalika. Anawerama. Amayi anali atamukweza kale mwana m'mwamba pamene abambo analankhula ali pa mpando wawo, maso ali kunjira.

"Amake Falesi, mwanayo musamupereke kumeneko."

"Tinapangana kale, bambo a Falesi. Winayu naye apite kusukulu."

"Enelesi amayang'ana kutsogolo kokha. Adzamuika pansi n'kutsatira ng'oma. Mwana akhale ndi amene amatembenuka."

"Ndiye mwana wa eni alipire chifukwa chokhala ndi maso?"

"Ndanena."

Amayi anaima kanthawi, Gifiti ali m'malere akupalasa timiyendo. Kenako anapuma mozama n'kundiyang'ana. Sanachite kunena. Ndinatembenuka ndekha, n'kuwerama. Mbeleko inali yoyera, yonunkhira sopo, yochapa ine ndemwe. Enelesi anawongoka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mapewa ake akumasuka. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Lamulungu lotsatira anakweza chiguduli ndi abambo monga kale. Pansi pa mtengo ankaitanidwabe Sajeni. Kusiyana kwake kunali kumodzi: abambo akamandipatsa chimanga, tsopano ankatembenuka. Ine sindinkafuna kutembenukiridwa. Ndinkafuna benchi.

Mvula itatha msewu unakonzedwa, madisiki atsopano anabwera, ndipo ya Chokoka sinaonetsedwenso. Gifiti atayamba kuyenda ndinabwerera kusukulu, koma ndinapeza anzanga ali kutali, Enelesi yemwe ali patsogolo panga. Ndinakoka mpaka sitandade sikisi, ndinasiya. Zaka zonsezo ndinkadziwa chinthu chimodzi: ndinapambana mlandu pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo mphoto yake inali mbeleko. Ndinkati ndikanangotseka pakamwa. Ndinkati abambo anasankha wa kuwaseketsa n'kumuika pa benchi, wa ntchito n'kumuika kuseri.

Za mlongo wawo wa abambo ndinazimva mochedwa, iwo atatisiya kale. Anandiuza ndi amayi kuchipatala cha ku Boma, tsiku limene ndinabereka Tadala, pamene anaona kuti sindikulola ngakhale anamwino kumutengera kuseri kwa katani. Anati wayamba za bambo ako. Kenako anandiuza kuti abambo ali mnyamata wa msinkhu umene ndinali nawo dzinja lija, anathawa nkhondo kwawo ku Mozambiki, banja lonse pa mzere umodzi m'kanjira ka m'tchire. Akuluakulu anali patsogolo ndi katundu. Womalizira anali kamlongo kawo kakang'ono, ndipo woyenda patsogolo pa kameneko anali iwowo. Atawoloka mtsinje wa Ruo n'kukhala pansi kuti apume, anapeza kuti palibe. Palibe anamva kulira, palibe anamva kalikonse. Udzu unangotseka. Anabwerera kukafuna, osapeza ngakhale kansalu.

Tsopano ndimadziwa chimene ankaona pa kabowo paja atagwada m'matope. Ndimadziwa kuti m'mawa wa Nyuwere uja anandipatsa chinthu chimene ankaopa kutaya kuposa zonse, ndipo sakanachipereka kwa wina. Gifiti ali moyo, wamtali, ali sitandade seveni, ndipo pathupi pake palibe chipsera cha moto kapena cha kugwa. Zimenezo ndimazidziwa. Koma kudziwa sikuchotsa njere ija pakhosi, kumangoisuntha pang'ono.

Mantha aja ndinatengera onse. Tadala akagona ndimaika chala pamphuno pake. Akamasewera pakhomo ndimasiya mbale kangapo kukasuzumira. Tikamapita kumsika amayenda patsogolo panga, pakati pa msewu, kutali ndi tiyi, ndipo masamba akangogwedezeka ndi mphepo mtima wanga umafika kukamwa. Bambo ake amati ndidzamulera ngati dzira. Ndimangowayang'ana.

Enelesi anamaliza folomu folo, amagulitsa mafoni m'sitolo ina ku Limbe. Anabwera Khirisimasi yapitayi, tsitsi lomanga bwino, nsapato zoyera m'matope a kwathu kuno. Tikuchokera pa siteji ya minibasi anayenda patsogolo, akulankhula, akuseka, khosi lili chilili, osatembenuka ngakhale kamodzi, ndipo Tadala anathamanga kukagwira dzanja lake. Ndinawayang'ana awiriwo kuchokera kumbuyo, nditanyamula chikwama chake. Msana wake ukadali wouma.

Titafika kunyumba anatulutsa foni. Anati, "Achemwali, mukukumbuka ya Chokoka ija? Ndinaipeza. Simunaionepo yonse inu, tengani." Anandiika foni m'manja, yaikulu, yowala, popanda mzati, popanda chipewa cha a Wisiki. Ndinakhala pa mpando wa abambo. Tadala anali pamiyendo pa amayi ake aang'onowo akudya bisiketi. Kanema yense anali wanga, kuyambira mbali ino mpaka mbali iyo.

Itatha Enelesi anandifunsa, "Ndiye mwachiona Chokoka? N'choopsa eti?"

Ndinamubwezera foni yake. Sindinachione. Nkhope ya Kaputeni Chibwano mpaka lero sindiidziwa. Maso anga anali atapita okha kumphepete kwa kudzanja lamanja, kwa kamunthu kakafupi kaja kogwira anzake paphewa pa chitseko, ndipo kakasowa pa kanemapo, ankachoka pa foni n'kupita kwa Tadala.